Manyazi, Mantha ndi Misozi ya Owerenga Mabuku a Zozizwitsa

Mabuku ambiri munthu akabwereka amabweza mwakachetechete, n'kungothokoza. Koma ulipo mtundu wina wa mabuku umene subwerera kwa mwiniwake popanda mawu. Ndikunena mabuku a nthano zazitali momwe akufa amacheza ndi amoyo, mwana amaona mizimu ikuyendayenda pamsika, mvula imagwa zaka zinayi osakata, ndipo mtsikana amakwera kumwamba dzuwa likuswa mtengo abale ake akuonerera. Pa zaka zonse zomwe ndakhala ndikuphunzitsa kusekondale ndi kubwereketsa mabuku anga kwa ophunzira, aphunzitsi anzanga ndi anansi, ndaona kuti buku lotere limabwerera litasenza chimodzi mwa zinthu zitatu: manyazi, mantha kapena misozi. Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi gwero lake, ndipo gwerolo limaulula zambiri za ife owerenga kuposa za alembi.

Mabukuwa ali m'magulu awiri. M'gulu loyamba mlembi amamanga dziko lakelake, lokhala ndi mitundu ya anthu, zilombo ndi malamulo akeake, kotero kuti wowerenga amadziwa kuti dziko lino walisiya pakhomo. Pachingerezi mabuku otere amawatcha fantasy, ndipo otchuka mwa iwo ndi The Lord of the Rings la J.R.R. Tolkien, lomwe lidatuluka mu 1954 ndi 1955, komanso mabuku asanu ndi awiri a Harry Potter omwe J.K. Rowling adatulutsa kuyambira 1997 mpaka 2007. M'gulu lachiwiri, lomwe akatswiri adalipatsa dzina loti magical realism, zozizwitsa zimachitikira m'mudzi wofanana ndi wathu womwe uno, pakati pa zisankho, ngongole za pagolosale ndi mikangano ya malire a munda. Mlembi sachenjeza wowerenga ndipo sadabwa. Amanena za mzimu ndi mawu omwewo amene anganenere za mtengo wa feteleza.

Mlembi wodziwika kwambiri pa kalembedwe kameneka ndi Gabriel García Márquez wa ku Colombia, yemwe buku lake lotchedwa One Hundred Years of Solitude lidatuluka m'Chisipanishi mu 1967, ndipo iye adalandira mphoto ya Nobel mu 1982. M'mudzi wa Macondo wa m'bukuli anthu sadabwa kwenikweni akaona mkeka ukuuluka, koma tsiku lomwe alendo adafika ndi chibuma cha madzi oundana, mkulu wa banja adachiyesa chozizwitsa choposa zonse. Márquez ankanena kuti kafotokozedwe aka adakaphunzira kwa agogo ake aakazi, omwe ankasimba zinthu zosatheka nkhope ili gwa, osamwetulira n'komwe. Ambiri a ife tidaleredwa ndi agogo otere. Tsono n'chifukwa chiyani nthano ikachoka pamoto n'kulowa m'buku imativuta?

Wowerenga wamanyazi

Wowerenga wamanyazi kawirikawiri amakhala munthu wophunzira. Mphunzitsi mnzanga wina, katswiri wa Chingerezi, pobweza The Palm-Wine Drinkard la Amos Tutuola adandifunsa mokhumudwa kuti, "Achimwene, azungu akamawerenga zimenezi amatiyesa anthu otani?" Bukuli limasimba za mwamuna yemwe ntchito yake idali kumwa uchema kuyambira m'mawa mpaka usiku. Wantchito amene ankamukwerera m'mitengo atagwa n'kufa, mwamunayo adanyamuka ulendo wokamufuna kumudzi wa akufa, ndipo m'njira adakumana ndi zoopsa zosawerengeka.

Funso la mnzangayo ndi lakale kuposa iye mwini. Bukuli litasindikizidwa ku London mu 1952, mlakatuli Dylan Thomas adalitamanda m'nyuzipepala ya The Observer, ndipo azungu adalikonda. Kwawo ku Nigeria anthu ophunzira ambiri adakwiya nalo. Ena adalemba makalata ku magazini ya West Africa kudandaula kuti Chingerezi cha Tutuola, yemwe adangokhala pasukulu zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, chidali chothyokathyoka. Adatinso nthanozo adangotola kwa makolo a Chiyoruba ndi kwa D.O. Fagunwa, amene adali atatulutsa kale buku lotere m'Chiyoruba mu 1938, ndiponso kuti azungu adalikondera bukulo chifukwa linkatsimikiza maganizo awo akuti munthu wakuda ndi mwana wongokhulupirira zamizimu. Tisafulumire kuwaweruza anthuwa. Nthawiyo n'kuti akumenyera ufulu wodzilamulira, womwe udadza mu 1960, ndipo tsiku ndi tsiku ankauzidwa kuti sadakhwime nzeru zoyendetsera dziko. Munthu amene ali pa mayeso otere safuna kuti mlendo amve agogo ake akusimba za mizukwa.

Komabe manyaziwo adawaphimba m'maso kuti asaone zomwe zidali m'bukumo. Mu 1977 Chinua Achebe adafotokoza pa yunivesite ya Ibadan kuti nkhani ya Tutuola ndi ya ntchito ndi ulesi: munthu amene adafuna kudya thukuta la ena moyo wake wonse akulipira ndi ulendo wa mazunzo. Ine gawo lomwe sindiliiwala ndi la njonda ina yomwe idafika pamsika itavala mochititsa kaso, mtsikana wokana amuna onse n'kuitsatira. Atalowa m'nkhalango njondayo idayamba kubweza ziwalo zake kwa eniake, pakuti zonse zidali zobwereka: miyendo, manja, mimba ndi khungu lomwe, mpaka idatsala chibade chokha. Ndikawerengera ophunzira anga gawo limeneli, palibe amene amafunsa ngati zidachitikadi. Atsikana amaseka n'kuyamba kunena za anyamata oyendera galimoto zobwereka, ndipo tsiku lina mnyamata wina adati njondayo ikufanana ndi dziko lomwe misewu, zipatala ndi bajeti yake zonse ndi za ngongole. Nthano yomwe anthu ophunzira a ku Lagos adachita nayo manyazi idathandiza mwana wa Fomu 3 kufotokoza chuma cha dziko lake. Paja akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Wowerenga wamantha

Wowerenga wachiwiri nthawi zambiri bukulo sakhala ataliwerenga yekha; amangomva kwa mwana. Mayi wina, mtsogoleri wa amayi kumpingo kwawo, adabwera kunyumba kwanga atakulunga buku loyamba la Harry Potter m'pepala la pulasitiki, ngati chinthu chosayenera kuchigwira ndi manja. Titapatsana moni adati, "Aphunzitsi, mwana wanga akuti umu muli sukulu yophunzitsa ana ufiti, ndipo akuti anawo amauluka. Inu mukudziwa zomwe zimanenedwa m'mudzi muno. Kodi mukufuna anthu amve kuti mwana wanga akuwerenga zimenezi?"

Mantha otere si a kuno kokha. Bungwe la malaibulale ku America, American Library Association, lidapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2009 mabuku a Harry Potter ndiwo adali patsogolo pa mabuku omwe anthu ankafuna kuti achotsedwe m'masukulu ndi m'malaibulale, ndipo mu Disembala 2001 mpingo wina ku Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico, udawatentha poyera. Ngakhale zili choncho, mantha a mayi uja adali ndi kulemera kwina. Ana ambiri a ku Ulaya akamva mawu akuti wizard amaona nkhalamba ya ndevu zoyera ndi chipewa chosongoka, chinthu cha m'zithunzi ndi m'mafilimu. M'Chichewa mawu omwe ali pafupi ndi akuti mfiti, ndipo mfiti kwathu kuno ndi munthu amene amanenedwa kuti amapha abale ake, amafukula manda, ndi kutenga ana a eni usiku pa lichero kukawaphunzitsa zoipa. Dzina limeneli likamatirira munthu, nyumba yake imatha kutenthedwa iye ali momwemo.

Lamulo lomwe atsamunda adakhazikitsa ku Nyasaland mu 1911 lidaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma kunenana sikudathe. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu adapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi yomwe idapha mtsikana wina. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafalikira ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma ena a kummwera kwa kanthawi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene adaonapo nkhalamba ikugendedwa ali ndi ufulu wonse wofunsa za buku lomwe mwana wake akuwerenga.

Chomwe ndidawauza mayiwo, ndipo ndimachikhulupirirabe, ndi ichi. Agogo akafuna kusimba nthano ankayamba ndi mawu akuti "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse." Mawu amenewa adali pangano. Wosimba ankatidziwitsa kuti tikulowa m'dziko momwe kalulu amayankhula ndipo mbalame imaulula munthu wopha mbale wake, ndipo ife tinkavomera kulowamo tikudziwa kuti tidzatulukamo. Nthano idali ndi nthawi yake, madzulo ntchito zitatha, ndipo masana ankatiletsa kuisimba. Ikatha tinkakambirana chomwe taphunzirapo. Palibe amene adadzukapo m'mawa ndi chikwanje kukafuna munthu wotchulidwa m'nthano.

Mphekesera ilibe "Padangokhala." Imabwera nthawi iliyonse, imatchula dzina la munthu wamoyo ndi mudzi wake, imalumbira kuti wina adaona ndi maso, ndipo imadana ndi kufunsidwa. Okalamba a ku Neno adaphedwa ndi nkhani yomwe idakana kuvomera kuti ndi yopeka. Chikuto cha buku la nthano chimagwira ntchito ya pangano lija: chimatchula mlembi, chimavomera kuti zam'katimo adazipeka, ndipo wowerenga amatha kulitseka pamene wafunira. Mwana amene wazolowera kulowa ndi kutuluka m'nkhani zotere amaphunzira kufunsa kuti akusimbayo ndani, akufuna ndimve chiyani, ndipo apindule ndani ine ndikakhulupirira. Mafunso amenewa ndi omwe adasowa pa misewu ya ku Phalombe mu 2017. Mayiwo bukulo sadafune kuti lilowenso m'nyumba mwawo, ndipo ine sindidawakakamize. Chomwe tidagwirizana n'chakuti mwanayo aziwerengera kwathu ndi kukawafotokozera mutu uliwonse, kuti pogamula asakhale ngati kandimverere amene adakanena za m'maluwa.

Wowerenga wamisozi

Wowerenga wachitatu ndi amene amabweza buku maso ali psuu. Mnzanga wina adafika ku Ntcheu ali mnyamata, kuchokera ku Angónia, pa nthawi yomwe dziko la Malawi lidasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique. Nkhondoyo idayamba mu 1977 n'kutha mu 1992, chaka chomwe Mia Couto, mbadwa ya ku Beira, adatulutsa Terra Sonâmbula, buku lomwe pachingerezi likudziwika kuti Sleepwalking Land. M'bukuli nkhalamba ndi mnyamata akubisala m'basi yotenthedwa m'mbali mwa msewu. Pafupi ndi mtembo wina akupeza makope, ndipo usiku uliwonse mnyamatayo akuwerengera nkhalambayo zolembedwamo. Kukacha amapeza kuti dziko lowazungulira lasintha, mitengo ndi tchire sizili pomwe zidali dzulo, chonsecho basiyo siidasunthe.

Owerenga akutali amatamanda zimenezi ngati luso la mlembi. Mnzangayo adati, "Achimwene, umu mulibe chopeka. Ife tinkagona kutchire, kukacha mudzi womwe tidaudutsa dzulo palibe, njira yomwe tinkaidziwa yasanduka ya mabomba okwirira. Dziko linkayendadi."

Zilipo zinthu zina zomwe zikagwera anthu, chiyankhulo cha malipoti chimachepa. Mu Disembala 1928 asilikali a ku Colombia adaombera antchito a m'minda ya nthochi ya kampani ya United Fruit omwe ankanyanyala ntchito mu tauni ya Ciénaga, ndipo mpaka lero anthu sagwirizana pa chiwerengero cha ophedwa. Márquez adaika zimenezi m'buku lake: mitembo yoposa 3,000 ikupakiridwa m'sitima kukatayidwa kunyanja, ndipo amene adapulumuka atabwerera kumudzi aliyense akumuuza kuti sikudafe munthu. Pambuyo pake mvula ikugwa zaka zinayi, miyezi khumi ndi umodzi ndi masiku awiri. Aliyense amene adakhalapo m'dziko la chipani chimodzi, momwe munthu ankasowa usiku anansi n'kumaopa ngakhale kutchula dzina lake, amaudziwa mudzi woiwala mwadala umenewu.

N'chimodzimodzinso The Famished Road la Ben Okri wa ku Nigeria, lomwe lidapata mphoto ya Booker mu 1991. Mwininkhani wake, Azaro, ndi mwana wa mtundu womwe Ayoruba amautcha abiku, wobadwa n'kufa, n'kubadwanso kwa mayi yemweyo, koma ulendo uno wasankha kukhala. Kwa wowerenga wina iyi ndi nkhani yachilendo yosangalatsa. Kwa ife amene tikudziwa chifukwa chomwe makolo ankatchulira mwana Maliro kapena Manda ataika ana angapo motsatizana, ndi nkhani ya mayi woyang'ana khanda lake usiku osadziwa ngati labwera kudzakhala.

Nawo olamulira ndi owerenga, ndipo nthawi zina amamva mabukuwa msanga kuposa akatswiri. Ngũgĩ wa Thiong'o adatulutsa Matigari m'Chigikuyu mu 1986, nkhani ya munthu wodabwitsa wotuluka m'nkhalango n'kumayenda dziko lonse kufunafuna choonadi ndi chilungamo. Malinga ndi Ngũgĩ mwiniwake, anthu wamba adayamba kukamba za Matigari ngati munthu weniweni, mpaka boma la Daniel arap Moi lidalamula kuti amangidwe. Apolisi atazindikira kuti munthuyo adali wa m'buku, mu 1987 adalanda mabukuwo m'masitolo.

Chala chikuloza yani?

Wina angafunse kuti, nanga mabuku a gulu lachiwirili, omwe amanena za mizimu ngati zenizeni, sakuthirira zikhulupiriro zomwe zikuphetsa okalamba? Funsoli ndi loyenera, pakuti si nkhani iliyonse ya zozizwitsa yomwe ili yabwino. Tonse tidaonerapo mafilimu omwe mavuto onse a banja amathera pa nkhalamba yosauka ikuulula kuti ndiyo idalodza. Nkhani yotere imatuma woonera kukayang'ana agogo ake ndi diso lina.

Muyeso womwe ine ndimagwiritsa ntchito ndi woona komwe chala cha nkhaniyo chikuloza. Mu 2012 Mia Couto adatulutsa buku lina, A Confissão da Leoa, lochokera pa mikango yomwe idapha anthu kumpoto kwa Mozambique mu 2008. Anthu a m'mudzi wa m'bukuli amakhulupirira kuti mikangoyo ndi yopangidwa ndi anthu, monga zimanenedwera m'madera ambiri kuno. Couto sawaseka, koma pamene nkhani ikupita wowerenga amazindikira kuti amayi a m'mudzimo adayamba kudyedwa kalekale mikango isanabwere, ndi nkhanza za amuna awo ndi kukhala chete kwa akuluakulu. Buku labwino la zozizwitsa limatenga mantha omwe anthu ali nawo kale n'kuwatembenuzira kwa amphamvu amene amabisala kuseri kwa manthawo. Loipa limawatembenuzira kwa ofooka.

Alembi athu njirayi akuidziwa. John Gwengwe adaika nthano ya makolo m'buku la Sikusinja ndi Gwenembe, lomwe ambiri tidawerenga kusukulu. Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe anthu adachitchula madzi atasesa Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991, n'kuchigwiritsa ntchito m'ndakatulo zake za mu 1987 ponena za zivomezi za ndale pa nthawi yomwe kunena poyera kudali kuika moyo pachiswe. Namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'Malawi mu Malichi 2023, dzina la Napolo lidamvekanso, ndipo anthu omwewo amene ankalitchula ankadziwanso za mitengo yomwe idatha m'mapiri. Ku Zambia, Namwali Serpell adapatsa udzudzu mawu kuti usimbe mbiri ya dzikolo m'buku la The Old Drift la mu 2019, lomwe lidapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Ku Zimbabwe, NoViolet Bulawayo adasimba za kugwa kwa wolamulira wokalamba kudzera mwa akavalo, agalu ndi mbuzi m'buku la Glory la mu 2022, monga momwe agogo ankachitira ndi kalulu ndi njovu.

Chondidandaulitsa n'chakuti mabuku ambiri mwa awa ali m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, ziyankhulo zomwe mayi uja wa pepala la pulasitiki sawerenga. Fagunwa adalembera Ayoruba anzake, ndipo Ngũgĩ adalembera Agikuyu, mpaka mabuku ake ankawerengedwa mokweza m'nyumba ndi m'malo omwera mowa kuti osadziwa kuwerenga amve nawo. Ife a Chichewa ndi Chinyanja, kuyambira ku Chipata mpaka ku Tete, tili ndi nkhokwe ya nthano yosachepa ndi ya wina aliyense, koma nthano zazitali zatsopano zotere m'chiyankhulo chathu n'zowerengeka.

Ana athu nkhani za mizimu akuzimva kale tsiku ndi tsiku, m'minibasi, pa wailesi, pamaliro ndi pa foni za m'manja, ndipo zambiri mwa izo zimadza ndi dzina la munthu wamoyo. Kuwaletsa buku sikuwatchinjiriza ku zimenezo. Kholo lomwe lapeza mwana ali ndi buku lotere limufunse kuti alifotokozere nkhaniyo, ndipo akatha akambirane kuti chala chikuloza yani. Mphunzitsi asadumphe mabukuwa poopa mafunso. Ndipo mlembi wachinyamata amene agogo ake adamusiyira nthano azilembe m'Chichewa, ndi ndale, njala ndi ngongole za masiku ano momwemo, kuti owerenga a m'mudzi mwake akhale oyamba kumuyankha kuti "Tili tonse."